Vetiva wa a Fanizo

Mukakwera chitunda cha ku Biriwiri, kupitirira pomwe amayi amayala kabichi ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu, pali mudzi wina umene nyumba zake zinatsatizana pamtsetse, ina pamwamba, ina pamunsi. Mukafunsa m'mudzimo kuti mayi waukhondo ndani, anthu adzakulozerani kwa a Enelesi. Koma mukafika musawauze kuti mwamva mbiri yawoyo, chifukwa masiku ano akaimva amayang'ana pansi.

A Enelesi anabadwira pomwepo, anakwatiwira pomwepo, ndipo amuna awo atamwalira anatsala pomwepo. Sukulu sanapite nayo patali, koma phunziro la amayi awo analigwira ndi manja awiri: mkazi amadziwika ndi pabwalo pake. Ndiye nkhuku zisanatuluke m'khola, tsache linkakhala litamveka kale kwa a Enelesi. Kaudzu kakangosuzumira, khasu. Tsamba likagwa, silinkaona dzuwa la masana. Bwalo lawo linali lofiira, losalala, loti munthu n'kuyanikapo ufa popanda mkeka. Kusesa kwa zaka zonsezo kunadya dothi mpaka maziko a nyumba anayamba kuonekera, koma iwo ankati ukhondo wake ndi umenewo. Ku Mvano, gulu la amayi a kutchalitchi, nkhani ikakhala ya kusamala pakhomo, chitsanzo ankakhala iwo, ndipo sankabisa kuti zimawatsekemera.

Kumunsi kwa bwalo lawo kunali nyumba ya a Dailes, mng'ono wawo wa kwa mayi aang'ono. Amuna a Dailes anali a Fanizo, mkamwini wochokera ku Kasinje, kuchigwa kotentha kuja. Anali munthu wofatsa, wosakonda kuyankhula pagulu, koma pa nkhani ya dothi anali wamakani. Pabwalo pawo anabzala nandolo, chinangwa, chammwamba ndi khonje, zinthu zosaopa dzuwa, ndipo pansi ankaphimbira mapesi kuti chinyezi chisathawe. M'malire ndi a Enelesi anabzala mzere wa vetiva, udzu uja wa mizu yozama. Zaka zikupita, dothi lonse lokokoloka kumtunda linkaima pa udzupo, mpaka panakhala kamtumbira kofika m'bondo.

A Enelesi zimenezi ankaziona ngati uve.

"Alamu," ankatero ali chiimire ndi tsache lawo, "kodi apa ndi pakhomo kapena pa dzala?"

"Ndi pakhomo, alamu, kungoti ndapafunditsa," ankayankha a Fanizo. "Si ngati bwalo lanulo, likuyenda maliseche."

Chilamu chimalola nthabwala zotere, ndiye a Enelesi ankaseka. Koma ankaseka ndi mano okha.

Mu 2005 mvula inadula, chimanga chikungomasula kumene. Pofika mwezi wa Okutobala, maluwa a m'zitini a Enelesi anali atauma, ndipo kamvuluvulu ankanyamula fumbi la pabwalo pawo n'kukalithira m'mbale. Kumunsi kuja nandolo anabereka, chinangwa ndi chammwamba zinkaphukabe masamba. A Dailes ankakwera ndi kambale ka ndiwo, "Achemwali, talawani izi." A Enelesi ankalandira, n'kudya, n'kunyambita zala. Koma zinkawawawa kuti akudya za pa dzala lomwe ankalinyoza.

Mwezi womwewo a Fanizo anadwala chifuwa chosamva mankhwala, ndipo anawagoneka kuchipatala ku boma. A Dailes anapita kukadwazika. Pochoka anasiya kiyi m'manja mwa a Enelesi.

"Achemwali, mutiyang'anireko pakhomo."

"Pitani, musade nkhawa. Ndilipo."

Sipanapite nthawi, a Enelesi anapeza mphiri itadzipinda pafupi ndi khola lawo la nkhuku. Kumene inachokera palibe amene anaona, koma iwo mlandu anaugamula pomwepo. Anayang'ana vetiva uja, atafiira ndi dzuwa, n'kunena mumtima kuti udzu wakufa uwu ndiye nyumba ya njoka. Anadziuza kuti akuthandiza odwala, kuti pobwera adzapeze pakhomo poyera. Pansi pa mtima panalinso china: mwayi umene anaudikira zaka zambiri unali utafika, eni ake palibe.

Khasu loyamba lomwelo linawauza kuti alakwa. M'kati mwa chitsa munali mobiriwira, ndipo mizu inali yolowa pansi ngati yosafuna kutha. Udzuwo sunafe, unkangodikira mvula. Munthu wina akanaleka pomwepo. Koma amayi opita kumjigo anali atawaona kale, ndipo a Enelesi sanali munthu woyamba ntchito n'kuisiya anthu akuona.

"Kodi eni ake akudziwa?" anafunsa mayi wina, ndowa ili pamutu.

"Adzandithokoza," anayankha a Enelesi osadzutsa mutu.

Anakumba mpaka manja anachita matuza. Atazula mzere wonse anasalaza kamtumbira kaja, n'kusesa mapesi, n'kuwatentha. Mabwalo awiri aja anakhala ngati limodzi, lofiira, lotsetsereka bwinobwino kuchokera pakhonde pawo mpaka kuchipupa cha kuchipinda kwa a Dailes. Anaima n'kusirira ntchito yawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mvula yobzalira inabwera chakumapeto kwa Novembala, masana dzuwa likungopendeka. Inabwera mwaukali ngati ikubweza ngongole ya chaka chonse. A Enelesi anali pakhonde, akusangalala ndi fungo la dothi, mpaka anaona madzi. Ochokera pamalata awo, ochokera m'njira ya kumtunda, onse anakumana pabwalo lawo losalala lija n'kuyamba kuthamanga, ofiira, opanda chowaimitsa. Anakagunda chipupa cha a Dailes n'kuima pomwepo.

A Enelesi anatola khasu n'kuthamangira kumunsi, chitenje chikumata m'miyendo. Anayesa kukumba ngalande, koma dothi linkangobwerera. Nyumbayo inali ya zidina, njerwa zosawotcha. Anaona mzere wa pansi ukusungunuka, kenako mng'alu ukukwera, kenako chipupa chonse chinakhala pansi pang'onopang'ono. Bedi la a Fanizo linaonekera, matope ali pa bulangete.

M'mudzi palibe amene anawaloza chala, ndipo zimenezo ndiye zinawapweteka koposa. Akafika kumjigo nkhani zinkaduka, wina n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza. Akanakonda wina awatukwane kuti ayankhe. Uthenga umene anatumiza ku boma kudzera mwa woyendetsa matola unali wakuti mvula yagwetsa chipupa. Silinali bodza, koma iwo ankadziwa chimene anasiya.

Kenako achipatala anati a Fanizo akayesere kunyumba, ndipo aliyense anamva tanthauzo lake. Anawanyamula pa machira kuchokera kumsewu, kudzera njira ya kumtunda, mpaka m'nyumba ya a Enelesi, poti kwawo kunalibe pogona. A Enelesi anawapatsa bedi lawo, iwo n'kumagona pa mkeka kukhitchini. Amayi a Mvano a kumidzi ina atabwera kudzazonda, anayamikira kwambiri. "Chikondi ndi chimenechi," anatero amayi a mlaliki. "Mnzako akapsa ndevu m'zimire." A Enelesi mawuwo anawayabwa ngati chitedze. Anatuluka, ati kukaona madzi pamoto.

A Dailes tsiku lomwe anafika anatsikira kwawo okha. A Enelesi anawasuzumira pazenera. Anaona mng'ono wawo ataima pomwe panali vetiva, akuyang'ana pansi, kenako kumtunda, kenako chipupa. Atabwerera anangoti, "Achemwali, muli ndi sopo? Ndichapeko bulangete." Tsiku linapita, linzake linapita, a Dailes akungoti zikomo pa chilichonse. A Enelesi anaona kuti akapanda kuyankhula, adzakhala mlendo kwa m'bale wawo mpaka kumanda.

M'mawa wina anaphika phala, n'kulowa nalo kuchipinda. A Dailes anali atakhala kumiyendo kwa bedi. A Enelesi anagwada, n'kuika mbale pansi.

"Alamu, pali mawu amene ndikufuna..."

"Ndiyambe ine, alamu," anatero a Fanizo. Mawu awo anali atachepa, ankapuma pakati. "Mwatisunga. Ndinkakusekani za bwalo lanu, mundikhululukire, zinali zachilamu chabe." Anatsokomola nthawi yaitali. "Akuti chagwa ndi chipupa chimodzi chokha. Mvula imeneyo, pakanapanda vetiva uja, nyumba yonse ikanapita. Ine ndilibe ng'ombe, ndilibe malata oti ndimusiyire mkaziyu. Koma udzu umene uja ndamusiyira. Mukamasesa, alamu, muziupatsa ulemu."

A Enelesi anatsegula pakamwa. Dzanja la a Dailes linawagwira pamkono, mwamphamvu, zikhadabo zikulowa.

"Achemwali, tiyeni mukandithandize kutsitsa ndowa."

Panja panalibe ndowa. A Dailes anawakokera kuseri kwa nkhokwe, kumene mawu sakanafika kuchipinda.

"Mumafuna kuwauza chiyani?"

"Dailes, ndine ndinazula. Ndine ndagwetsa nyumba yako. Sindikugona, mng'ono wanga. Ndilole ndipepese."

"Ndikudziwa kuti ndinu. Mudzi wonse ukudziwa. Amene sakudziwa ndi mmodzi yekha, ndipo pabedi paja sadzadzukanso." A Dailes sanakweze mawu, ndipo sanalire. "Mukufuna mutule katundu wanu pachifuwa cha munthu amene akulephera kupuma, kuti inu mupeze tulo? Ayi, achemwali. Asiyeni apite akudziwa kuti andisiyira kanthu."

"Nanga ine nditani?"

"Musenze. Za ine ndi inu tidzakamba maliro akatha. Panopa pukutani m'maso, mukawamwetse phala. Akayambanso za udzu wawo, muziti inde."

A Enelesi anapukuta nkhope ndi chitenje n'kubwerera kuchipinda. Anadzutsa mutu wa wodwala, n'kutunga phala ndi supuni.

"Waphukira bwino ndi mvulayi eti, alamu?" anafunsa a Fanizo, akumwetulira.

"Inde, alamu," anatero a Enelesi.