Mayi Wotola Timapepala m'Manyowa

Pa fakitale ya manyowa kunja kwa mzinda wa Machala pali mayi wina wachikulire amene ntchito yake ndi kutola timapepala tapulasitiki tomwe amamata pa nthochi ndi mango. Amaima pamulu wa zipatso zowola, ntchentche zili ng'waa, nkumakanda khoko lililonse ndi chikhadabo. Timene watola amatimata pamkono wa malaya mpaka tifike paphewa. Salankhulalankhula. Akatopa amangoti, "Nthochi yawola, koma dzina la mwini wake lili mbee."

Mwezi watha mlimi wina anabweza lole yathunthu ya manyowa, ati munda wake ukuwala ndi pulasitiki. Kapitawo Wilmer anabweretsa makina opera mosalala, nauza otola onse kuti ntchito yawo itha mwezi uno.

"Ndiye makinawa akuchotsa timapepalato?" anafunsa mayiyo.

"Akutipera, amayi. Chimene mlimi sakuchiona sadandaula nacho," anayankha Wilmer.

Loweruka Yadira, mpongozi wa mayiyo, anagula thumba la manyowa atsopanowo kuti athire m'dimba la kuseri kwa nyumba, momwe banja limathyola ndiwo. Mayiyo anatapako dzanja limodzi, navundulira m'ndowa ya madzi. Tizidutswa tabuluu ndi tachikasu tinayandama ngati mamba a nsomba.

"Kabwezeni, mwanangu."

"Amayi, dothi lathuli ndi mchenga wokhawokha. Ana adya chiyani?"

Mayiyo anayang'ananso m'ndowamo. Kenako anatenga khasu, nayamba yekha kukwirira manyowawo m'mizere ya tomato.