Buluzi pamkeka wa mlongo wanga

Lero mdzukulu wanga wanditolera mango ogwa okha, ndipo fungo lake, ee, fungo lake landibweza ku Nkope ndili kamtsikana kosakhala pansi!

Chaka chimenecho mlongo wanga wakhanda anali ndi chilonda paphazi. Analira, analira, mpaka mawu anasasa. Tsiku lina masana tulo tinamugwira pamkeka, pansi pa mtengo wa mango. Amayi anandipatsa kanthambi.

"Uziingitsa ntchentche. Akadzuka ameneyu, undidziwa," anatero akupita kukayanika usipa.

Ntchentche za nthawi ya mango inu! Ndikaingitsa kuno, zatera uko. Kunyanja anzanga akukuwa, "Iwe, madzi akoma! Ulera mpaka ukalambe?" Miyendo ikundiyabwa, dzanja lalema, mwana wayamba kugwedeza phazi, kakamwa kakukonzeka kulira.

Kenako m'masamba ouma, tswa tswa tswa! Buluzi wamizeremizere, wosalala ngati wadzola mafuta, wakwera pamkeka. Yalabi! Ndikakuwa, mwana adzuka. Ndikamenya, ndimenya phazi lomwe. Ndinangouma gwa, kanthambi kali m'mwamba.

Buluzi uja anasendera, anasendera, n'kupendeketsa mutu pafupi ndi chilonda. Ine mumtima: aluma, aluma! Ntchentche itatera pansalu yomangira chilonda, iye kwapu, wameza. Inanso kwapu, wameza! Ananyambita kukamwa n'kudikira ina.

Phazi la mwana linaleka kugwedezeka, kakamwa kake kanatseka. Ndinatsitsa kanthambi pang'onopang'ono, n'kuwerama, n'kunong'ona:

"Idyani, achimwene, idyani. Koma chonde musamudzutse."