Buku Limene Linabisala m'Kachikwama ka Baibulo

Ku ofesi kumene ndinkagwira ntchito ku Nairobi kunali mayi wina wa ku Canada amene ankapita kwawo chaka chilichonse. Anzathu ankamutuma chokoleti ndi mafuta onunkhira. Ine sindinamutume kanthu, koma ataona kuti ndimawerenga chilichonse, ngakhale nyuzi yokulungira mandasi, anandibweretsera buku la nkhani zifupizifupi za alembi akwawo. Zinali zopeka zenizeni: makina oganiza, anthu olima ku mwezi, zilombo zoyankhula m'nkhalango.

Loyambalo linali lopyapyala, ndipo kunena zoona linandimvetsa chisanu. Nkhani iliyonse munthu ali yekhayekha, kunja kukuzizira, womupatsa moni palibe. Ndinamufunsa mnzangayo ngati kwawoko anthu amakhala ndi achibale. Iye anangoseka, chaka chotsatira n'kubwera ndi lina lonenepako. Zaka zikupita, mabuku aja ankanka nanenepa, alembi ake n'kumachulukanso mitundu. Ena makolo awo anachokera ku India, ena ku zilumba za akuda anzathu, ena anali eni nthaka a dzikolo, ndipo nkhani zina zinali zomasulira kuchokera ku Chifalansa. Munayamba kulowa mizimu, azakhali olongolola, ngakhale tsabola. Apo ndiye ndinakodwa. Kawiri konse minibasi, imene kumeneko amati matatu, inandipitiriza pa siteji yanga ku Kahawa, n'kukadzidzimuka pothera msewu kondakitala akunditsitsa m'Chiswahili kuti, "Mama, mwisho, shuka!"

Vuto linali zikuto zake. Pa china panali mkazi wanyanga, maso obiriwira. Masiku amenewo mphekesera za olambira Satana zinali ponseponse mu Nairobi, moti ukatulutsa zotere m'matatu, woyandikana naye ankasendera. Ndiye ndinagula kachikwama kazipi kofanana ndendende ndi ka Baibulo langa, n'kumaikamo bukulo. Ulemu wake umene ndinkalandira! Gogo wina mpaka anandipempha kuti ndizimukumbukira m'mapemphero.

Amayi a ku Malawi tinkakumana Loweruka limodzi pamwezi, nyumba mosinthana. Amenewo ndiwo anali abale anga. Mwamuna wanga atagonekedwa m'chipatala ndi iwo ankandiphikira, ndipo tonse tinkadziwa kuti likakugwera tsoka kuno, okuperekeza kumudzi ndi omwewo. Kuchotsedwa m'gululo kunali kusanduka wamasiye. Apampando athu anali amayi achikulire ogwira ntchito ku bungwe lina la mpingo, munthu wosaseka wamba.

Loweruka lina tinakumana kwa iwowo ku Athi River. Titaimba nyimbo ziwiri anati, "Mayi, lero mutiwerengere ndinu Masalimo." Ndinaimirira monyadira, n'kutsegula zipi. Mkazi wanyanga uja ali tong'o, kuyang'ana gulu lonse. Ndinali nditasinthanitsa zikwama pothamangira matatu.

Wina anati, "Mayo ine!" Wina anakokera mwana wake pafupi. Ndinayamba kufotokoza za Canada. Apampando anatambasula dzanja. "Bweretsani kuno. Ndikaliona kaye, tidzakambirana."

Masabata atatu otsatirawo ndinaonda. Lamya yanga inaleka kulira. Mantha ndinali nawo, koma ndinalinso wokwiya. Amayi omwewa ankalumbira kuti kwawo munthu anagwa pa lichero mafuta atamuthera m'malere, koma ine wowerenga za mwezi ndiye mfiti! Mwamuna wanga, m'malo mondilimbitsa mtima, m'mawa uliwonse ankandifunsa ngati ndafika bwino pa ulendo wa usiku.

Lamulungu lina masana ndinamva kugogoda. Anali apampando, okha, buku lili m'jumbo. Ndinawapatsa mpando, ine n'kukhala pansi kudikira chigamulo.

"Mabodza okhaokha," anatero. "Ufiti mulibe, ndawauza kale anzanu. Loweruka mubwere, koma zikwama muziyang'ana."

Mtima unakhala m'malo. Ndinadzuka kuti ndikatereke tiyi, koma anandigwira chitenje.

"Takhalani. Kodi amene analemba nkhani yachinayi ija, anamuuza ndani?"

Nkhaniyo ndinkaidziwa. Mayi wina anakagwira ntchito m'chombo chopita ku nyenyezi zakutali kuti ana ake asavutike. Kwa iye zinali zaka ziwiri zokha, koma pansi pano zinadutsa makumi anayi, ndipo pobwerera analandiridwa ndi mwana wake wamkazi waimvi, mwaulemu wonse, ngati mlendo.

"Wanga ndinamusiya ku Zomba ali sitandade 2," anatero, maso ali pansi. "Chaka chatha nditapita anandigwadira bwinobwino, n'kundifunsa kuti tiyi ndimamwa ndi shuga wangati."

Munthu amene ndinkamuopa kwa zaka zonsezo ankapukuta misozi ndi nsonga ya duku, ndipo anandimvetsa chisoni kwambiri. Kenako anatulutsa bukulo, atapinda ngodya ya tsamba.

"Tsamba lomaliza ndalephera, ndikuopa. Mundiwerengere inu, m'Chichewa."

Ine ndinkadziwa mmene imathera: mayi uja amakweranso chombo, poona kuti m'nyumba ya mwana wake alibe malo. Ndinayang'ana tsambalo, ndinayang'ana apampando. Ndiye ndinaika chala pa mzere woyamba ngati wowerengadi, n'kuwauza kuti kutacha mwana uja anabwera ndi chipeso, anakhala pansi pakati pa miyendo ya amake, n'kunena kuti amuluke tsitsi laimvilo.