Akazi awiri basi, atero achimwene

Amene wandiputa sabata ino ndi achimwene anga, Che Yusufu a ku Ntaja, mwana woyamba wa malemu bambo athu. Anandiitana kuti ndipange tsamba la pa intaneti loonetsa mbumba yonse ya bambo, abale a ku Joni aione tisanachite sadaka. Ine sukulu ndinalekera Fomu 2, zamawebusayiti ndinadziphunzitsa pafoni, ndiye ntchito yaulere ikapezeka amandikumbukira msanga.

"Uikepo akazi awiri basi," anatero. "Aliyense ana ake pansi."

Awiri. Mayi anga a ku Ngokwe ndi achitatu. Achimwenewo ananena izi akundiyang'ana m'maso, uku akupemerera tiyi.

Ndikufotokozereni, owerenga. Tsamba lotere timalimanga ndi chomwe timati arei: bokosi lalikulu, mkati mwake mabokosi a amayi, mwa mayi aliyense mabokosi a ana, mwa ana zidzukulu. Ukauza kompyuta kuti iwerenge n'kulekera pa awiri, wachitatu imamudumpha mwakachetechete, ngati wachibale wolemera pamsika. Koma ukhoza kuyamba ndi bokosi lopanda kanthu, wobwera aliyense n'kumamuponyamo, ndipo polemba patsamba kompyuta imalifunsa bokosilo: muli angati umu?

Ine ndinapanga choncho. Bambo amene ankazungulira Machinga ndi Balaka pa njinga kugula thonje, ungawapimire mabokosi awiri?

Komatu ndi khalidwe lathu. Pokumba manda, powaza nkhuni, posenza matumba a mpunga wa sadaka, tonse ndife ana a bambo mmodzi. Ikafika nthawi yotchula maina, enafe timasanduka "anyamata aja". Amati chibale ndi fupa sichiola, koma kwathu amayamba afunsa kuti fupalo lachokera mumphika wa mayi uti.

Tsamba linatuluka, mayi anga ali pomwepo, ife ana awo pansi. A ku Joni anayamba kufunsa za thanzi lawo. Madzulo ake achimwene anatsika pa kabaza thukuta lili kamukamu.

"Iwe, chotsa bokosi lachitatulo, amayi aakulu akwiya. N'chifukwa chake sukulu inakukana, sumva."

Ndinaika foni m'thumba kuti ndisawagende nayo.

"Iyayi achimwene. Bokosilo ndichotsa tsiku lomwe bambo adzadzuke n'kunena okha kuti ku Ngokwe ankangopitira thonje."