Maluwa a Somapala pa Makwerero

Somapala wa mumzinda wa Kandy anali atatha zaka makumi awiri akusunga nsapato za alendo pansi pa chiboliboli chachikulu cha Buddha, koma pamwamba anali asanakwerepo. Mkuluyu ngakhale akakwera pampando amachita chizungulire.

Tsiku lina mayi ake odwala anamutuma kukapereka maluwa pamwamba penipeni, kukwaniritsa lonjezo lawo. Tsono maluwa ansembe amanyamulidwa ndi manja awiri, ndipo akagwa pansi atha ntchito. Chitsulo cham'mbali mwa makwerero agwira ndi chiyani?

Pakati pa makwerero Somapala anangoima chilili, mphepo ikulimbana ndi maluwawo.

"Achimwene, mwamera mizu?" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Tigone pompano?"

"Ndigwireni, achemwali, ndafa ine!"

Mayiyo anamugwira nsalu m'chiuno n'kumamukankha ngati mbuzi yokana kumsika. Maluwa anafika onse, osagwa n'limodzi lomwe. Potsika ndiye Somapala anatsetsereka ndi matako.