Ng'anzi Yogonera Magetsi

Anandilanda khola ndi sukulu m'sabata imodzi. Kholalo ndinalikhoma ndekha ndi matabwa a kabati yakale ya amayi, imene chiswe chinali chitaidya miyendo. Ndimakumbukirabe chitseko chake chopendekera ndi fungo la palafini limene linakanirira m'matabwamo. Kusukulu ndinali Sitandade 7, ndipo sindinali mbuli. Amene amandiona lero ndikukankha wilibala mumsika amaganiza kuti ndinathawa mayeso. Sindinathawe chilichonse.

Inali Juni, nyengo ija milomo imang'ambika ndipo fumbi la ku Kawale limalowa mpaka m'mano. Ng'anziyo ndinaipeza kumtsinje wa Lilongwe, komwe tinkakumba nkhanu. Inali yaing'ono, yotalika ngati mkono wanga, ndipo wina anali ataithyola mwendo ndi legeni. Sinathawe chifukwa inali itauma ndi kuzizira. Ndinaikulunga m'juzi n'kupita nayo kunyumba.

Aphunzitsi a sayansi anali atatiuza kuti nyama zokwawa sizidzitenthetsa zokha, zimabwereka kutentha kudzuwa. Zikazizidwa sizidya, zikaleka kudya zimafa. Bambo amenewo ndinkawakhulupirira kuposa abusa. Choncho ndinaika kholalo kuseri kwa bafa, ndinatseka mipata yonse ndi mapulasitiki, n'kuyatsamo koloboyi. M'mawa ndinapeza mwaye uli bii padenga, ng'anzi itayasama, ikupuma ngati nkhalamba ya chifuwa.

Nditawauza aphunzitsi sanandiseke. Anajambula bokosi pabolodi. “Mpweya wotentha umakwera,” anatero. “Boola m'munsi, boolanso pamwamba. Mbali imodzi itenthe, ina izizire, izisankha yokha pogona.”

Ndinaboola ndi msomali wowotcha pambaula mpaka zala zinatuluka matuza. Pamaboowo ndinakhomapo sefa yakale ya pawindo. Amalume, amene ankakonza mawailesi ndipo anali okhawo okhala ndi magetsi pamdadada wathu wa nyumba zalendi, anandipatsa waya ndi babu. Pansi pa babupo ndinaika mwala wafulati, mbali inayo beseni la madzi. Lata la pamwamba sindinalikhome, ndinkalisuntha m'mawa kuti dzuwa lilowe, chifukwa aphunzitsi anati babu imatenthetsa koma si dzuwa.

Ng'anzi inayamba kudya. Nkhono, ziwala, mazira osweka amene ndinkapempha mumsika. Ndinkamva chigoba cha nkhono chikusweka m'kamwa mwake, kalilime kake kamphanda kakutuluka n'kubwerera. Amalume ankaseka: “Mphwanga, ng'anzi yako ikugonera magetsi, ine mwini magetsi ndikufunda chiguduli.” Amayi sankaseka. Ankayang'ana kunyumba ya alandilodi n'kunena chapansipansi kuti, “Chinthu chakochi chidzatigonetsa panja.”

Tsiku lina masana aphunzitsi anabwera kudzaona. Ananjuta m'fumbi, tayi ikugunda pansi, n'kuika dzanja pamaboowo a pamwamba kuti amve mpweya wofunda ukutuluka. Anati ndidzalibweretse kholalo m'kalasi anzanga adzaone. Anati ndidzafika patali. Mawu amenewo ndi otchipa, ndazindikira tsopano. Munthu amawanena n'kupita kwawo kukadya.

Kenako mdzukulu wa alandilodi anadwala. Thupi linatentha, n'kuyamba kukomoka. Zaka zimenezo nkhani za ana ophunzitsidwa ufiti zinali paliponse, pawailesi, m'minibasi, kutchalitchi. Pabwalo pathu anthu anayamba kuyankhula motsitsa mawu, ndipo mayi aliyense ankaitana ana ake dzuwa lisanalowe.

Loweruka m'mawa alandilodi anapita kuseri kwa bafa kukataya madzi, n'kuona kuwala kukutuluka m'maboowo a khola lija. Ine ndinali kokatunga madzi. Pobwera ndinapeza bwalo litadzaza, mpaka anthu a mizere ina amene sindinkawadziwa. Sankakuwa, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri.

“Nyama yakutchire kuiikira magetsi, amake a mwanayu akuyatsa koloboyi?”

“Akuti amaidyetsa mazira. Nanga mazira akatha imadya chiyani?”

Ndinatula ndowa n'kuyamba kufotokoza za mpweya wokwera, za mwala, za mbali yozizira. Pamene ndinkafotokoza bwino ndi pamene nkhope zawo zinkaumirapo. Ndinafuna kuwaonetsa kumene magetsi ankachokera, koma waya panalibe. Amalume anali atauzula kale, chitseko chawo chili ndi loko. Bambo wina anaitulutsa ng'anzi ndi mpini wa khasu. Inali yofunda, yamphamvu, inamenya mchira, ndipo inachedwa kufa. Kholalo analithira palafini n'kuliyatsa. Amayi anagwada pamaso pa alandilodi, manja ali pachifuwa, akupepesa mlandu umene sanaudziwe.

Lolemba makolo anatsogola kusukulu. Anati ana awo sakhala pabenchi limodzi ndi ine. Anatiitanira mu ofesi ya ahedi, ine ndi amayi, makolo atadzaza pakhonde, ena akusuzumira pawindo. Sindinkaopa kwenikweni. Ndinkadziwa kuti pali munthu mmodzi wamkulu, wovala tayi, amene anaona zonse ndi maso ake.

Ahedi anawaitanitsa. “Mwanayu akuti ndi za sayansi. Aphunzitsi, mukudziwapo kanthu?”

Anaima pakhomo, choko chili m'zala. Anayang'ana ahedi, anayang'ana makolo aja, ine sanandiyang'ane. “Ine ndimaphunzitsa za m'buku, bwana. Zakunyumba kwawo sindizidziwa.”

Ahedi anauza amayi kuti ndiyambe ndapuma kaye mpaka mitima ya anthu itsike. Sinatsike. Alandilodi anatitulutsa mwezi usanathe, tinasamukira ku Chinsapo, ndipo nkhani yanga inakafika kumeneko ife tisanatsitse katundu. Mdzukulu uja anachira kuchipatala, anali malungo. Palibe amene anabwera kudzatiuza, tinangomva kwa anthu.

Tsiku la mu ofesi lija ndinawadikira aphunzitsi pageti mpaka ana onse anaweruka. Ndinkaganiza kuti aiwala. Ndinkafuna kungowakumbutsa za bokosi la pabolodi ndi tayi yawo ija m'fumbi, kuti tibwerere limodzi kwa ahedi akakonze. Anatulukira njira ya kuseri. Ndinapita kunyumba ndikudabwa kuti munthu wodziwa mayina a mafupa onse a m'thupi angaiwale bwanji chinthu chimene anachigwira ndi dzanja lake.

Sindinkadziwa kuti mwana akatchedwa mfiti, funso lotsatira limakhala lakuti anamuphunzitsa ndani, ndipo kuti anthu a pakhonde aja ankadikira dzina la munthu wamkulu. Lero ndikudziwa, koma kudziwako sikunandibwezere m'kalasi. Ankayenera kungonena kuti, “Ndinamuuza ndine.” Mpaka lero sananene, ndipo ngongole imeneyo sindinawakhululukire.