Zimene ndinaona ku Wembley sindinazinene

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinanena bodza limene linakwatiwitsa mayi anga aang'ono kwa munthu wauve. Tinkakhala kutsidya la nyanja, ku Woolwich, m'fulati ya zipinda ziwiri, ine, amayi anga amene anali namwino, ndi mng'ono wawo Tiyamike, amene ndinkangowatcha Anti. Anti ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Ukhondo wawo unali woopsa. Ankasita ngakhale nsalu zopukutira mbale, ndipo ukaponda kapeti ndi nsapato sankakukalipira, ankangokuyang'ana mpaka utabwerera wekha pakhomo.

Chaka chimenecho ndinapenga ndi filimu ina ya ku America. Ndinaigula pamsika, DVD yojambulidwa mwakuba m'nyumba yoonetsera mafilimu, moti nthawi zina mutu wa munthu wopita kuchimbudzi unkadutsa pakati pa chithunzi. Nkhani yake inali ya mkazi dokotala wa mano, wadongosolo, woyendera wotchi, ndi mwamuna woimba gitala amene sankadziwa kumene sopo amagulitsidwa. Ankadana, ankanyozana. Mwamunayo akadya ankapukutira manja pamalaya a mkaziyo, ine n'kumagubuduka ndi kuseka. Kumapeto anameta ndevu, n'kuvala malaya oyera, n'kulankhula mawu okoma pamaso pa anthu, nyimbo n'kulira, basi chikondi chapambana. Ndinaionera kambirimbiri mpaka ndinatolamo chiphunzitso chimene ndinachiloweza ngati vesi la ku Sande sukulu: mwamuna wamwano ndi wauve amakhala ndi mtima wabwino m'kati, amangosowa mkazi waukhondo woti amukonze. Ndikachikumbukira lero ndimamva nseru.

Nthawi yomweyo n'kuti Anti atapeza mwamuna wofuna kuwakwatira, a Fredson, amene anadziwana nawo kutchalitchi ku Peckham. Lamlungu a Fredson ankawala: suti yosita, mafuta onunkhira, Chingerezi cha munthu amene anamaliza yunivesite konkuno. Akuluakulu a kwathu ku Ntcheu sakanatha kumuona munthuyo, choncho amalume anauza amayi pafoni kuti, inu ndinu maso athu kumeneko, mukanena kuti ndi munthu, ife tilandira ankhoswe ake. Mawu onse anatsalira kwa amayi. Amayiwo anati sangavomereze munthu amene amangomuona atavala suti, ayenera kudziwa mmene amakhalira kwawo. Anapangana zopita ndi Anti Loweruka lina, pakuti mbeta siilowa yokha m'nyumba ya mwamuna. Koma Lachisanu akuntchito anawaimbira amayi kuti kwaperewera anthu, ndipo udindo woperekeza unagwera ine.

"Ukakhale maso anga," anatero amayi akumanga zingwe za nsapato zawo za kuntchito. "Ukaonetsetse, ndipo ukabwera undiuze zonse. Mwana sabisa mawu."

Ndinanyada kwambiri. Ulendo wonse wa basi ndi sitima mpaka ku Wembley ndinkangomwetulira, poganiza kuti ndikupita kukaonera filimu yanga ija ndi maso.

A Fredson ankachita lendi chipinda chapamwamba penipeni m'nyumba yokhalamo anthu ambiri. Fungo linatilandira tisanafike pakhomo. Linali fungo la masokosi onyowa, mafuta okazingira amene anagwira ntchito kasanu, ndi chinthu china chowawasa chimene sindinachizindikire msanga. Anatitsegulira atavala kabudula ndi vesiti yachikasu m'khwapa, ngakhale ankadziwa kuti kukubwera alendo. Pampando panali mulu wa zovala. Pansi panali poto wa mpunga umene unamera nkhungu yobiriwira, supuni ili chiimire m'katimo. Mafupa a nkhuku anali pa nyuzipepala pafupi ndi pilo. Ndinasowa pokhala, ndinangoima pafupi ndi chitseko ndikupuma ndi pakamwa.

"Mwafika ma inspector?" anatero akudzigwetsa pabedi. "Tiya, usangoima ngati mlendo. Si pano pakhale pako? Yamba kuzolowera."

Anti anavula jekete lawo, n'kulipinda bwinobwino, n'kusowa poliika. Anandipatsa ine kuti ndiligwire. Kenako anayamba kutola. A Fredson anatsegula wailesi yakanema n'kumaonera mpira, akutokosa m'mano ndi kachitsulo ka cholembera, n'kumaloza ndi phazi pamene patsala.

Anti atasuntha zovala za pansi pa bedi anatulutsa botolo lalikulu la pulasitiki, la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Linali lodzaza pafupifupi kukamwa, ndipo zam'katimo sizinali zakumwa. Apo ndipo ndinadziwa kumene fungo lowawasa lija linkachokera. Chimbudzi chinali pansi, ndipo bambo wa digiri ameneyu ankaona kuti masitepe ndi ambiri.

Anti anaima ataligwira ndi zala ziwiri. "A Fredson, ichi n'chiyani?"

"Kataye," anatero osachotsa maso pampira. "Ukunyansidwa chani? Si job yako yomwe ija? Azungu okalamba umawapukuta daily osadandaula, ine ndiye ndakhala wonunkha?"

 Malovu owawa anadzaza m'kamwa. Koma m'mutu mwanga munali filimu, ndipo mufilimu malo ngati amenewa ndi pamene anthu amaseka. Ndiye ndinaseka. Ndinaseka mokweza, a Fredson n'kundiloza ndi kachitsulo kawo kaja n'kunena kuti mwanayu yekha ndiye amamva nthabwala. Anti ananditembenukira n'kundiyang'ana. Sanakwiye. Anangondiyang'ana ngati munthu amene wagogoda pakhomo la mbale wake n'kupeza palibe munthu. Kenako anatsika nalo botolo lija.

Pobwerera, m'sitima, Anti ankangodzola mankhwala ophera majeremusi m'manja, kudzola, kudzolanso. Tili pafupi kutsika anandigwira bondo.

"Amayi ako akakufunsa, ukanene zimene waona," anatero. "Zonse, wamva?"

Ndinagwedeza mutu. Ine ndinkaganiza kuti akuopa kuti ndikawaonongera ukwati.

Amayi anandiitanira kukhitchini atangofika, asanavule n'komwe yunifomu. Anatseka chitseko n'kundifunsa kuti ndaona zotani.

"It was fine, Mum," ndinatero.

"Ndiyankhe m'Chichewa. Munthuyo amakhala bwanji? Amamulankhula bwanji mng'ono wanga?"

Ndinati chipinda n'chosakonza pang'ono, monga mwa amuna okhala okha. Ndinati a Fredson ndi anthabwala, amawaseketsa Anti. Ndinawonjeza, ndi nzeru zanga zonse za pa DVD, kuti anthu osiyana ndi amene amakondana kwambiri. Za botolo sindinanene. Za mawu aja sindinanene. Amayi anapuma mozama ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni, ndipo mawa lake titabwera kutchalitchi anakanda khadi loimbira foni kunja n'kuuza amalume kuti alandire ankhoswe. Anti anali pomwepo, akusita. Anamva zonse ndipo sanakweze mutu.

Ukwati unachitika chaka chotsatira, ine n'kuvala diresi lapinki n'kumwaza maluwa. A Fredson anameta, anavala malaya oyera, analankhula mawu okoma pamaso pa anthu. Ndinadziona ngati ndine ndakonza zonsezo.

Patapita zaka ziwiri, masana ena Lachitatu ndikuchokera kusukulu, ndinapeza sutikesi pakhomo ndi Anti ali pampando, khanda lili pamiyendo. Anali ataonda mpaka mphete inkazungulira pachala. Bulauzi yawo inali yosasita. Chimenecho ndicho chinandiopsa kuposa zonse. Sanamenyedwepo, anatero. Kungoti zaka ziwiri anakhala akusamalira okalamba kuntchito, n'kubwera kunyumba kudzatola za munthu wamphamvu zake amene ankawatcha wopukuta anthu pamaso pa anzake, ndipo tsopano anayamba kuwatchula choncho polankhula ndi khanda.

"Nanga iwe Tiya, unalekeranji kunena poyamba pomwe?" anafunsa amayi.

"Ndikananena bwanji, achemwali? Kumudzi anali atamva kale. Ndinali ndi zaka sate-wanu, aliyense akundifunsa kuti ukudikira chani. Ndikanati ndamukana chifukwa cha uve, mukanati banja n'kupirira." Anakonza kansalu ka khanda. "Ndinkati mwana anena. Mwana akanena, inu mukana, ine ndipulumuka popanda kuoneka wonyada."

Ndinali ndisanavule chikwama kumsana. Ndinafotokoza zonse nditaima pomwepo: poto, mafupa, botolo, mawu aja, ndi kuseka kwanga. Ndinkayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira mosangalala. Amayi anangokhala pansi.

"Ndinakutuma kuti ukaone," anatero, "iwe unakandibweretsera za pakanema." Kenako anawonjezera kuti, "Koma wopusa ndine. Ndinasankha shifiti, n'kusenzetsa mwana katundu wa ankhoswe."

Anti sanandiimbe mlandu, tsikulo kapena tsiku lina lililonse. Anakhala nafe mpaka anapeza pawo, ndipo mwana uja, Mphatso, lero ndi wamtali kuposa ine.

Ndakhala ndikuziganizira zaka zonsezi. Akuluakulu atatu, amalume, amayi ndi Anti, aliyense anapatsira mnzake mawu ovutawo mpaka anafika pakamwa pa mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zimenezo zimandinyansa. Filimu ija imandinyansanso, chifukwa inatenga mwano n'kuuthira shuga, ndipo inathera patsiku limene mwamuna anameta, osationetsa amene ankachapa malaya oyerawo mawa lake. Koma sindingabisale kumbuyo kwa zimenezi. Thupi langa linadziwa zoona m'chipinda muja. M'mimba munakana, mphuno inakana, ine n'kuzitsutsa chifukwa anthu a ku America anandiuza kuti apa m'poseketsa. Anthu akhoza kusiyana pa zambiri n'kukhala bwino, wina wokonda phokoso wina wachete, wina wa m'mawa wina waulesi podzuka. Koma pamene wina akunyoza ndipo wina akumeza malovu, pamenepo palibe kusiyana kokoma, pali munthu amene akuponderezedwa. Anti anandipempha chinthu chimodzi chokha m'sitima muja, ndipo chinali chinthu chimene mwana aliyense amatha: kunena kuti ndaona zonyansa.